Gasi akathawa m'kalavani yatsopano, mlandu ndi wa yani?

Kawirikawiri nkhaniyi imayamba ndi fungo. Banja lagula kalavani yatsopano, laikoka tsiku lathunthu, lafika pamalo ogona, ndiye pakati pa usiku kaalamu kochenjeza za gasi kamene kali m'munsi mwa khoma kayamba kulira. Wina adzuka, anunkhiza, amva ngati dzira lowola. Kukacha aimbira foni amene anawagulitsa, auzidwa kuti malo kugalaja apezeka pakapita milungu ingapo. Aimbira kufakitale, kumeneko awabweza kwa wogulitsa yemwe uja. Ndipo zikadziwika kuti gasi akutulukira pa chitofu kapena pa regulator, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya gasi wochokera m'silinda, onse awiri atha kunena kuti chipangizo chimenecho n'cha kampani ina, akafunse kumeneko.

Zoterezi zimagwera anthu ku United States ndi ku Canada, kumene mabanja ambirimbiri ali ndi galimoto zogonamo zimene amazitchula kuti RV. Zina zili ndi injini yakeyake, ngati basi imene m'kati mwake aikamo khitchini, bedi ndi bafa, ndipo zimenezi amati motorhome. Zina ndi ngolo chabe zochita kukokedwa ndi galimoto ina. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma tikafika pa malamulo muona kuti n'kwakukulu. Pano zonsezi ndizingoti makalavani. Ambiri mwa iwo amadalira gasi wa propane. Ndiye amaphika, amatenthetsa madzi osamba, amafunditsa m'kati nthawi yozizira, ndipo m'makalavani ochuluka ndiye amayendetsa firiji pamalo opanda magetsi.

Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti paipi ya gasi ikabooka, dongosolo la waranti limaiika pamzere umodzi ndi chitseko cha kabati chimene chaguluka. Zonse ziwiri zidikire chilolezo cha kufakitale, zidikire sipeya, zidikire malo kugalaja. Koma chitseko cha kabati sichinaphepo munthu ali m'tulo.

Propane payekha sanunkha. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala, pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa ethyl mercaptan, kuti mphuno ichenjeze munthu moto usanabuke. Mchitidwe wothira fungo mu gasi unakhazikika pambuyo pa ngozi ya mu 1937 pasukulu ya ku New London, ku Texas, pamene gasi wachilengedwe wopanda fungo anadzaza kunsi kwa nyumba n'kuphulika, n'kupha anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ana. Komabe fungoli si loti n'kulidalira lokha. M'thanki yatsopano kapena yadzimbiri, chitsulo chimatha kuyamwa mankhwala aja fungo n'kuchepa, ndipo munthu wogona tulo tofa nato fungo silimudzutsa.

M'silinda, propane amakhala wamadzimadzi chifukwa chopanikizidwa. Akapeza potulukira amasanduka mpweya, ndipo lita imodzi imafufuma mpaka malita pafupifupi 270. N'chifukwa chake silinda saidzaza mpaka pakamwa, amalekeza pa magawo 80 pa 100 kuti kukatentha pakhale malo. Mpweya wake ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho sukwera kudenga n'kutulukira pazenera ayi. Umatsika n'kumayenderera pansi ngati madzi, n'kukaunjikana m'makabati a m'munsi, kunsi kwa bedi, m'timabowo tosungiramo katundu. Kuti uyake pamangofunika magawo awiri ndi pang'ono pa magawo 100 alionse a mpweya wa m'chipindamo. Tsono ganizirani kuchepa kwa m'kati mwa kalavani, mazenera onse ali otseka chifukwa cha chisanu, ndipo pomwepo pali hita, giza ndi firiji zimene zimadziyatsa zokha ndi kathetheti ka magetsi.

Kuchoka m'silinda gasi amayenda ulendo wautali. Pulesha ya m'silindamo imapitirira 100 psi (psi ndi muyezo wa pulesha) pa tsiku lofunda, ndipo dzuwa likaswa mtengo imayandikira 200. Chitofu sichingalandire mphamvu yotero, ndiye pali regulator imene imaitsitsa kawiri. Poyamba imaifikitsa cha pa 10 psi, kenako pa mlingo wochepetsetsa umene amakaniko amati mainchesi 11 a madzi, kutanthauza mphamvu yongokwanira kukankha madzi m'kapaipi kuti akwere masentimita 28. Imeneyi siikwana n'komwe theka la psi imodzi. Kuchokera pa regulator pali paipi yaikulu yodutsa kunsi kwa kalavani, mwina yachitsulo mwina yalabala yolimba, ndipo pa imeneyo pamaphuka timapaipi ta kopa kapena talabala tokwera kupita ku chipangizo chilichonse. Paliponse pamene mapaipi awiri akumana pali nati ya bulasi, ndipo m'kalavani imodzi malo otero ndi ambiri ndithu.

Nyumba ya njerwa ili ndi mapaipi ngati omwewa, koma nyumba siyenda. Kalavani imathamanga pamsewu waukulu, imagwa m'maenje, chimango chake chimapindika pang'onopang'ono pokhota, ndipo chilichonse chimene sichinamangidwe bwino chimayamba kukhwepa. Makalavani ambiri a masiku ano alinso ndi zipinda zotulukira m'mbali, zimene mukaima mumazikankhira kunja kuti m'kati mukule. Ngati khitchini ili m'chipinda choterocho, paipi yake ya gasi iyenera kupindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse chipindacho chikamalowa ndi kutuluka. Ikangoikidwa molakwika ndi masentimita ochepa, imayamba kukhula pachitsulo, lero pang'ono mawa pang'ono, mpaka tsiku lina yabooka.

Mukamawerenga zikalata zimene makampani amapereka ku boma akamavomereza vuto, zolakwika zake zimabwerezabwereza. Paipi yadutsa pafupi kwambiri ndi ekizozi ndipo ikupsa. Paipi yalendewera pafupi ndi tayala kapena masipuling'i chifukwa zomangira zina sanaziike. Paipi yadutsa pabowo lachitsulo popanda kalabala koiteteza, ndiye m'mphepete mwa bowolo mukuicheka ngati mpeni. Wantchito pokhoma thabwa waboola ndi msomali paipi yobisika kuseri, ndipo msomali womwewo watseka bowolo kwa kanthawi, mpaka kugwedezeka kwa pamsewu kutauzula. Mtundu womalizawu ndi woopsa mwapadera chifukwa kalavani imatha kuyesedwa kufakitale n'kupezeka yabwinobwino.

Manati nawo ali ndi nkhani yawo. Paipi ya kopa amaikuza kukamwa ngati lipenga, ndiye nati imakanikiza kukamwako pa bulasi, chitsulo kugwirana ndi chitsulo popanda guluu kapena tepi. Mukamanga mofooka, imamasuka panjira. Mukamanga mopitirira, kukamwa kuja kapena natiyo imang'aluka, ndipo mng'alu wake sungaoneke ndi maso. Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa kamene kamafuna dzanja lozolowera komanso nthawi.

Si zonse zimene zimachokera m'manja mwa omanga kalavani. Zina zimabwera zolakwika kale kuchokera kwa opanga zipangizo. Mu 2021 makampani angapo, kuphatikizapo Forest River ndi Keystone, anaitanitsa makalavani ambiri amene anali ndi regulator ya Winntec ya mtundu wa 6020, chifukwa inkatha kulephera kutsitsa pulesha, malawi a pa zipangizo n'kukula mopitirira. Mu 2022 a Jayco, a KZ ndi ena anaitanitsanso makalavani chifukwa timilomo ta bulasi tolumikizirapo chowotchera nyama cha panja tinkapezeka tong'aluka. Chipangizo chimodzi cholakwika chimafalikira m'mayina ambirimbiri a makalavani, pakuti mafakitale ambiri amagula kwa ogulitsa omwewo.

Ndipo mafakitalewo ali pamodzi. Makalavani oposa 8 pa 10 alionse a ku America amapangidwa ku Indiana, makamaka ku Elkhart ndi madera oyandikana nako. Mayina a pa makalavani ndi ambiri koma eni ake ndi ochepa. Thor Industries ndiyo mwini wa Jayco, Keystone ndi Airstream. Forest River ili m'manja mwa Berkshire Hathaway kuyambira mu 2005. Winnebago inagula Grand Design mu 2016. Ntchito yambiri yomanga kalavani imachitika ndi manja, osati ndi makina ngati pa galimoto wamba, ndipo m'mafakitale ambiri malipiro amatengera kuchuluka kwa makalavani amene gulu lamaliza. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19 anthu anathamangira makalavani chifukwa ankaopa ndege ndi mahotela, moti mu 2021 mafakitale anatumiza kwa ogulitsa makalavani 600,240, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo. Pofika mu 2023 chinali chitatsika kufika pa 313,174. Sindikunena kuti aliyense wogwira ntchito kumeneko ndi wosasamala, ambiri ndi amisiri enieni. Koma munthu akamalipidwa potengera liwiro, nati imene imafuna kuleza mtima ndiyo imayamba kuvutika.

Malamulo a kamangidwe alipo. Ku United States amatsata muyezo wa NFPA 1192, ku Canada wa CSA Z240, ndipo mapaipi a gasi a kalavani iliyonse amayenera kuyesedwa isanatuluke pageti. Pafupi ndi khomo la makalavani ambiri pali kachidindo ka bungwe la RV Industry Association. Ogula ambiri amayesa kuti kachidindoko kakutanthauza kuti munthu wa kubungweko anayendera kalavani yawoyo. Si choncho. Ndi kampani yomwe imene ikulumbira kuti yatsata muyezo, ndipo oyendera a bungweli amangofika m'mafakitale mwadzidzidzi nthawi ndi nthawi n'kuona makalavani amene awapeza pamzere tsiku limenelo.

Tsopano tiyerekeze kuti gasi wathawadi. Zoyamba kuchita zilibe waranti m'kati, ndipo zinalembedwa pakapepala komata pafupi ndi chitofu. Zimitsani moto uliwonse, musakhudze swichi iliyonse ngakhale yozimitsira, tsekani valavu pa silinda, tsegulani zitseko, tulukani nonse. Alamu ija musaizule. Anthu ambiri amaizula chifukwa imaliranso ikamva mankhwala opopera kapena batire ikafooka, ndiye amaiyesa yabodza. Alamuyi imadya magetsi a batire ya kalavani, choncho batire ikafa nayonso yafa, komanso imakalamba pakatha zaka 5 mpaka 7 ndipo imafunika kusintha. Pofufuza potulukira gasi gwiritsani ntchito thovu la sopo, osati machesi, ndipo sopo wake akhale wopanda ammonia kapena chlorine chifukwa zimenezi zimadya bulasi.

Mtima ukakhala pansi m'pamene nkhani ya mapepala imayamba, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amadzidzimuka. Munthu wozolowera galimoto wamba amayembekezera waranti imodzi ya zaka zitatu, yoti akhoza kulowa nayo m'galaja iliyonse ya kampaniyo. Kalavani siili choncho. Waranti ya womanga nthawi zambiri ndi ya chaka chimodzi, ena monga a Jayco amapereka zaka ziwiri. Zaka zitatu zimene amalengeza m'malonda kawirikawiri ndi za chimango ndi makoma basi, mapaipi a gasi mulibemo. Ndipo chaka chimodzicho n'chachifupi kuposa mmene chikumvekera, chifukwa m'madera ozizira kalavani imakhala itaimikidwa miyezi yonse ya chipale. Munthu akhoza kuyenda nayo maulendo anayi kapena asanu okha, waranti n'kutha, pamene paipi yokhula pachitsulo ija ikadali pakati pa ntchito yake yobooka.

Komanso si waranti imodzi, ndi mtolo. Womanga amayankha pa zimene anamanga yekha, monga kayalidwe ka mapaipi ndi kamangidwe ka manati. Chitofu, firiji, hita ndi giza zili ndi mawaranti a makampani amene anazipanga, monga Dometic, Suburban, Norcold kapena Furrion. Pa motorhome, injini ndi chimango cha pansi ndi za Ford, Mercedes-Benz, Freightliner kapena Ram. Ndiye gasi akamatulukira pamene paipi ya womanga yakumana ndi chitofu cha kampani ina, kulozana chala kumayambira pomwepo. Uyu ati nati sinamangidwe bwino, uyo ati mlomo wa chitofu ndiwo unabwera wolakwika, ndipo mwini kalavani ali pakati ndi silinda yotseka.

Wogulitsa naye si wantchito wa fakitale. Ndi bizinesi yoima payokha. Akalandira kalavani yodwala ayenera kujambula zithunzi, kulemba lipoti, kutumiza kufakitale, kudikira chilolezo, kuitanitsa sipeya, kudikiranso, ndiye kenako apeze makaniko womasuka. Ndalama zimene fakitale imamulipira pa ntchito ya waranti nthawi zambiri amaziona zochepa poyerekeza ndi za kasitomala wolipira yekha, choncho sizodabwitsa kuti ogulitsa ambiri amayamba athandiza amene anagula kwa iwo. Amene anakagula kutali pofuna mtengo wotsika amapezeka ali kumapeto kwa mzere, kapena kukanidwa kumene. Amakaniko odziwa za makalavani nawonso ndi ochepa, moti makampaniwa anachita kutsegula sukulu yawo, RV Technical Institute, ku Elkhart mu 2019.

Muwerenge bwino tizilembo ting'onoting'ono, pakuti safunsa anadya phula. Mawaranti ambiri amakana kalavani imene munthu akukhalamo ngati nyumba yake chaka chonse, kapena imene akuibwereketsa kuti apeze ndalama. Amakana kulipira zotayika zobwera chifukwa cha vutolo, monga hotela, mafuta okokera kalavani kugalaja, kapena tchuthi chimene chawonongeka. Lonjezo lawo ndi kukonza kapena kusintha chowonongekacho, basi. Sanena kuti adzakonza pofika liti. Ambiri amalembanso kuti mlandu uliwonse ukazengedwe ku Indiana motsata malamulo a kumeneko, ngakhale wogula akhale ku Oregon kapena ku Florida, ndipo amafupikitsa nthawi yokasuma. Lamulo la malonda limapereka zaka zinayi koma limalola kuti mgwirizano uzichepetse mpaka chaka chimodzi, ndipo makampani amaugwiritsa ntchito mwayi umenewu.

Wogula sali yekhayekha. Pali lamulo la dziko lonse la mu 1975, Magnuson-Moss Warranty Act, limene limakakamiza kampani kulemba waranti momveka, ndipo limalola kuti wogula akapambana mlandu kampaniyo ilipire loya wake. Limaletsanso kampani kufafaniza waranti chabe chifukwa munagwiritsa ntchito sipeya ya kampani ina kapena munapita kwa makaniko wina pa ntchito zolipira nokha. Koma apa pali posamala. Ngati munadula paipi n'kuwonjezapo mlomo wanu wolumikizira jenereta, ndipo gasi akutulukira chapompo, kampani ili ndi chifukwa chomveka chokanira. Pa dongosolo la gasi, chaka choyamba ndi bwino kusasintha kanthu.

Anthu ambiri amathamangira kutchula malamulo amene amati lemon law, okakamiza kampani kubweza ndalama kapena kupereka galimoto ina ikalephera kukonza. Apa ndi pamene kusiyana kuja kwa motorhome ndi ngolo kumaluma. Malamulowa ndi a chigawo chilichonse pachokha. M'zigawo zambiri ngolo yokokedwa mulibemo. Pa motorhome, zigawo ngati Florida zimateteza mbali yoyenda pamsewu koma zimasiya mbali yokhalamo anthu, ndipo mapaipi a gasi ali mbali yokhalamoyo. Lamulo la ku Indiana komweko, kumene makalavaniwa amapangidwa, limasiyiratu ma motorhome kunja.

Pali chigamulo chimodzi chimene mwini kalavani aliyense ayenera kuchidziwa. Mu 2021 khoti la apilo la Seventh Circuit, pa mlandu wokhudza kampani yopanga makalavani ya DRV, linanena kuti pansi pa malamulo a Indiana wogula ayenera kupatsa kampani mipata yosachepera itatu yokonza vuto limodzi asananene kuti waranti yaphwanyidwa. Pa denga lodontha zimenezi n'zomveka. Pa gasi zimandiwawa, chifukwa zikutanthauza kuti banja limene lakonzeredwa kamodzi, gasi n'kuthawanso, lakonzeredwa kachiwiri, n'kuthawanso, liyenera kubwereranso kachitatu ndi kalavani imene silikuikhulupiriranso. Amene watopa n'kuleka pa ulendo wachiwiri akhoza kuluza mlandu ngakhale vuto lake lili loona. Ndipo ulendo umene sunalembedwe papepala, khoti siliuwerenga.

N'chifukwa chake pepala ndilo chida chachikulu cha mwini kalavani. Nthawi iliyonse kalavani ikalowa m'galaja, pachikalata cha ntchito palembedwe mawu enieni akuti gasi akutuluka, osati akuti kasitomala wapempha kuti tione chitofu. Palembedwe tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka, zimene anayesa ndi zimene anapeza. Mukalankhula pafoni, tumizani imelo tsiku lomwelo yobwereza zimene mwagwirizana, ndipo ipite kufakitale mwachindunji, osati kwa wogulitsa yekha, ili ndi VIN, nambala ya zilembo 17 yodziwira kalavani yanuyo. Vuto limene mwalinena molemba waranti isanathe limakhala ndi poimira ngakhale sipeya itafika waranti itatha.

Nanga ngati muli kutali ndipo galaja ikuti mudikire mwezi? Makampani ambiri amalola makaniko woyendayenda kubwera pamene muli, bola mupemphe chilolezo ntchito isanayambe, ndipo nthawi zambiri ndalama ya ulendo wake imakhala yanu. Pemphani chilolezocho molemba. Akachedwa kuyankha, maganizo anga ndi akuti pa gasi musasunge ndalama posinthanitsa ndi moyo. Silinda ikhale yotseka mpaka katswiri aone, mulipire ngati kuli kofunika, koma ajambule zithunzi asanamasule kanthu, alembe chimene wapeza, ndipo chipangizo chowonongekacho akupatseni musunge. Nati yong'aluka ili m'thumba la pulasitiki imalankhula bwino kuposa makalata khumi. Ngati moto wabuka kale, musataye kapena kugulitsa chotsalacho a inshuwalansi ndi ofufuza asanachione, pakuti nkhani ya kuvulala ndi katundu wopsa imayenda njira ina ya malamulo, yosadalira kuti waranti inatha kapena ayi.

Pali khomo lina limene ndi lamphamvu kuposa waranti, koma anthu ambiri saligogoda. Pamaso pa boma la United States, kalavani, ngakhale ngolo yopanda injini, ndi galimoto, ndipo ili pansi pa NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha galimoto pamsewu. Kampani ikazindikira kuti pali vuto loika moyo pachiswe, iyenera kudziwitsa bungweli pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, kulembera eni makalavani pasanathe masiku 60, ndi kukonza kwaulere. Kuitanitsa kotereku amati recall. Recall siyang'ana ngati waranti inatha. Siyang'ana ngati ndinu mwini woyamba kapena wachitatu, kapena ngati mumakhalamo chaka chonse. Kukonza kwaulereko kumagwira pa galimoto zimene sizinapitirire zaka 15 chigulitsireni koyamba, ndipo amene anali atalipira kale yekha kukonza vuto lomwelo akhoza kupempha kuti abwezeredwe, ngati anasunga malisiti. Wogulitsa saloledwa kupereka kalavani yatsopano imene ili ndi recall yosakonzedwa, koma pa yakale lamulo la dziko silimuletsa, ndiye wogula yakale afufuze yekha. Ku Canada ntchito yofananayo ili m'manja mwa Transport Canada.

Pofufuza musalekere pa VIN yokha. Chida cha pa intaneti cha NHTSA chofufuzira ndi VIN sichikhala ndi makampani onse a makalavani, ndipo pa motorhome chikhoza kuonetsa za injini ndi chimango n'kusiya za nyumba ya pamwamba. Fufuzaninso ndi dzina la kalavani ndi chaka chake, ndiponso imbani kufakitale. Amene wagula kalavani kwa mnzake alembetse dzina ndi adiresi yake kukampani, apo ayi kalata ya recall idzapita kwa mwini wakale amene mwina anasamuka kalekale.

Recall siimera yokha. Nthawi zina kampani imaona yokha kuti madandaulo a waranti pa chinthu chimodzi achuluka, nthawi zina bungwe la boma ndilo limaona kuti anthu a m'zigawo zosiyanasiyana akunena chinthu chimodzimodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Munthu amene wapeza paipi yake itachekeka pa chimango, n'kukonzetsa mwakachetechete, wadzipulumutsa yekha, koma makalavani ena amene anamangidwa sabata yomweyo ndi gulu lomwelo akadali pamsewu ndi ana m'kati. Kulemba dandaulo ku NHTSA n'kwaulere ndipo kumatenga mphindi zochepa. Mumatchula VIN, tsiku, malo enieni amene gasi amatulukira, ndi zimene makaniko anapeza. Bungweli silidzakukonzerani kalavani kapena kukuimirani pa mlandu wanu, koma dandaulolo limaonekera poyera, ndipo wina amene akufufuza vuto lomwelo adzalipeza. Ine ndimaona kuti aliyense amene gasi wamuthawira chifukwa cha kamangidwe ali ndi ngongole imeneyi kwa anzake, ngakhale kampani itamukonzera bwino ndi mwamsanga.

Za mapepala ena amene amagulitsa pa tsiku logula, amene amawatchula kuti waranti yowonjezera, ndingonena mwachidule. Ambiri si waranti ya fakitale ayi, ndi mgwirizano wa kampani ina wokhala ndi mndandanda wakewake wa zimene imalipira, ndipo vuto limene linalipo kale kapena lochokera ku kamangidwe ikhoza kulikana.

Nthawi imene wogula ali ndi mphamvu zenizeni ndi imodzi, asanasaine. Wogulitsa aliyense amayenera kuyendera kalavani asanaipereke, ndipo m'kuyenderako muli kuyesa kwa gasi kumene sikutenga nthawi. Makaniko amalumikiza kachipangizo koyezera pulesha kotchedwa manometer, kawirikawiri pa chitofu. Amatsegula silinda kuti mapaipi adzaze, amaitsekanso, amatulutsa gasi pang'ono mpaka pulesha itsike pa mainchesi 8 a madzi, kenako amadikira mphindi zosachepera zitatu. Pulesha ikakhala pomwepo, mapaipi ali bwino. Ikatsika ngakhale pang'ono, penapake pakutuluka. Pemphani kuti achite zimenezi inu mukuona, zipinda zam'mbali zitatulutsidwa, achitenso zitalowetsedwa, ndipo zotsatira zake zilembedwe papepala lokhala ndi tsiku ndi siginecha. Gwadani muone kunsi ndi tochi, mutsate paipi ndi maso kuchokera pa regulator, muone ngati ikukhudza tayala, chitsulo chakuthwa kapena chilichonse chotentha. Amene sadzidalira akhoza kulemba ganyu woyendera woima payekha, wosalipidwa ndi wogulitsa. Kuyesa komweku kubwerezedwe mukayenda maulendo awiri kapena atatu oyamba, waranti ikadali ndi miyezi yambiri, chifukwa msomali wobisika uja ndi nati yofooka ija zimaonekera msewu ukazigwedeza.

Pulesha ikatsika pa tsiku lolandira kalavani, musavomere zoti mutenge kaye adzakonza mukabwera nayo. Isiyeni pabwalo pawo pomwepo ndipo cholembera chibwerere m'thumba. Musanasaine, kalavaniyo ndi katundu wa wogulitsa amene akumudyera malo ndi ndalama tsiku lililonse, ndipo makaniko amapezeka mawa lomwe. Mukasaina, imalowa pamzere uja wa chilolezo, sipeya ndi malo kugalaja, kumbuyo kwa chitseko cha kabati cha munthu wina.